Ulemu upite kwa a Funde a ku Senga Bay

Amalawife timadikira kuti munthu atsikire kulichete kenako n'kumamutamanda. Poti a Funde a ku Senga Bay alibe tsiku lomwalira, sipadzakhala maliro oti wina aimirire n'kuwerenga mbiri yawo, choncho ndati ndiwayamikiretu akadali moyo. Asodzi a pa Nguwo andikhululukire. Ndikudziwa kuti ali ndi mayina ena owatchulira akuluakuluwa, osayenera kulowa m'magazini.

Dziko lino silinakhalepo ndi mtumiki wokhulupirika ngati iwowa. Mwera ukayamba kuwomba kuchokera kummwera chakum'mawa, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, umasiya mphamvu zake pamadzi. A Funde amasenza mphamvuzo kuchokera mbali ya ku Mangochi n'kudzazitula pamchenga wa Salima, osapempha alawansi, osafunsa za mafuta. Zotayika panjira n'zochepa moti owerengera ndalama za boma atakhala ndi antchito otere bwenzi akugona tulo tabwino.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti madziwo sabwera nawo. Ponyani chitsononkho kuseri kwa pamene mafunde amaswekera, muchiyang'anitsitse. Chikwera, chisendera kutsogolo pang'ono, chitsika, chibwerera m'mbuyo. Chikungozungulira pamalo amodzi, pamene funde lachipitirira kalekale. Zili ngati anthu opatsirana njerwa pomanga tchalitchi: njerwa imakafika pakhoma, koma aliyense ali pomwe anaima.

Sakula mwachisawawa ayi. Msinkhu wawo umadalira mphamvu ya mphepo, nthawi imene yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo popanda chotchinga. Apa Mulungu anawakondera, chifukwa nyanja yathu ndi yaitali makilomita pafupifupi 580 ndipo inagona motsata njira ya Mwera. N'chifukwa chake akamafika kumpoto amakhala atanenepa kuposa kuno. David Livingstone anawalawa ali m'boti mu 1861, ndipo dzina limene anapatsa nyanjayi pambuyo pake linali la namondwe.

Amasunganso masamu. Khalani pathanthwe ndi wotchi, muwerenge. Ngati funde likufika pa masekondi 4 alionse, ndiye kuti kumadzi akuya mtunda wochoka pamsana wa funde lina kufika pa linzake ndi mamita pafupifupi 25, ndipo akuyenda makilomita 22 pa ola. Funde lotalikirana kwambiri ndi linzake limathamanganso kwambiri. Koma chipwirikiti chonsechi chimathera pa theka la mtunda umenewo kutsika pansi, mamita 12 kapena 13 basi. Nyanjayi kumpoto imazama mamita 700. Kampango amene ali pansi pa mamita 30 sadziwa n'komwe kuti kunja kuli Mwera. Umenewu ndiye ubwana weniweni: phokoso lonse pamwamba, pansi zii.

Nanga mwambo! Akamayandikira gombe, mimba yawo imayamba kumva mchenga ndipo amachepetsa liwiro. A m'mbuyo amawapeza, amathithikana, msinkhu n'kukwera. Msinkhuwo ukayandikira kuya kwa madzi a pamalopo, mutu umapitirira miyendo, a Funde n'kugwada chafufumimba pamaso pa dziko, thovu lili mbuu. Ngakhale achokere chammbali, mbali imene yayamba kufika posaya ndiyo imayamba kuchedwa, ina n'kukhota, mpaka onse atayang'ana kumtunda. Sapereka moni chammbali ngati ana a masiku ano. Ndipo musaganize kuti mukabisala kuseri kwa chilumba cha Namalenje akuiwalani. Amapinda m'mphepete mwa chilumbacho, mbali zonse ziwiri, n'kudzakupezani komweko, ofooka pang'ono koma moni wafika.

Asodzi amati a Funde ndi ankhanza. Ine ndimati ndi okhawo amene amapereka tchuthi kwa munthu wokoka chilimira. Lamulo la ntchito silinafikepo padoko. Usiku wabata siginala amakhala yekha m'bwato ndi nyali zake kuitana usipa, anzake akuponya khoka mpaka mbandakucha, mawa lake chimodzimodzi. Mwera ukalusa, maboti onse ali pamchenga, injini zavundikiridwa, amuna ali pabawo. Pathandala pali mbee, amayi ogula nsomba akhalira mabeseni opanda kanthu, ndipo kamulu ka usipa pa Kamuzu Road kachepa thupi mtengo uli kumwamba. Pachilumba cha Mbenje pamafunika lamulo la mfumu Makanjira, limene lakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, kuti usodzi utsekedwe kuyambira Disembala mpaka Epulo. A Funde amatseka nyanja yonse popanda msonkhano, popanda nduna, popanda chindapusa cha mbuzi. Ngongoleyo amabwezanso: Mwera womwewo ukakankhira madzi apamwamba kumpoto, kummwera kumatumphuka madzi ozizira apansi, odzaza ndi chonde chomeretsa tizakudya ta usipa.

Pali tsamba limodzi la mbiri yawo limene ngakhale wotamanda ngati ine saliwerenga moseka. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, ikadali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Sitima ya Ilala inayamba ntchito mu 1951 phunziro limeneli lili m'mutu mwa aliyense. Masiku ano a zanyengo amachenjeza pawailesi Mwera usanafike, ndipo chenjezolo limabwera pamsana pa achibale awo a Funde, mafunde a wailesi, amene safuna madzi kapena mpweya kuti ayende ndipo amadula makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Banja lililonse lili ndi wake woulula zinsinsi. Vuto n'lakuti wailesi imanena za mphepo, sinena za ufa umene watha m'nyumba, ndiye ena amapalasabe.

Amene ndimawamvera chisoni pang'ono ndi eni malo ogona alendo, amene anamanga mpaka pamene ana ankasambira. Nyanja itakwera kwambiri mu 2024, a Funde anapeza mwayi woyendera malo amene ankangowaonera patali, mpaka pakhonde ndi pabala. Eni ake anayankha ndi makoma a simenti. Pamchenga wotsetsereka funde limataya mphamvu pang'onopang'ono n'kufa lokha, koma likagunda khoma loongoka limabwerera lamoyo. Lobwereralo likakumana ndi lobwera, misana iwiri imaphatikizana, madzi n'kudumpha kuposa poyamba, uku pansi akukokolola mchenga umene khomalo lakhalira. Pakapita nyengo ziwiri zitatu khoma lija lapendekeka, mwini wake wakwera galimoto kukagula matumba ena ku Salima. Ogulitsa simenti kumeneko sindinawamvepo akunena a Funde choipa.