Pang'onopang'ono Ndi Mtolo, Ngakhale pa Rula

Makolo ponena kuti pang'onopang'ono ndi mtolo ankalimbikitsa otola nkhuni ndi osunga ndalama. Anaiwala kuchenjeza kuti zolakwa nazonso zimadziwa kumanga mtolo. Amene amalawa mbali imeneyi ya mwambiwu ndi osoka zofunda za zigamba ku America, zija amati quilt.

Ntchito yawo njodabwitsa. Munthu amagula nsalu yatsopano, yabwinobwino, n'kuiduladula tizidutswa mazanamazana, kenako n'kutha miyezi akutilumikizanso. Poyeza amadalira inchi, yomweyi imene atelala athu amayezera chiuno. Mu 1959 America, Britain ndi mayiko ena anagwirizana kuti inchi ndi masentimita 2.54 ndendende, koma rula ya wosoka imaigawa pawiri, panayi ndi pa 8 basi. Zogawa pasanu siizidziwa.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Paducah, Kentucky, kumene kuli National Quilt Museum. Akufuna sikweya ya mainchi 12 yokhala ndi magawo asanu. Masamu akuti gawo lililonse likhale 2.4. Rula ikuti ili ndi 2 3/8, osafuna asiye. Mayi avomera, poti kusiyana kwake kungopitirira pang'ono theka la milimita. Magawo asanu aja atalumikizana, sikweya yaperewera 1/8 ya inchi. Masikweya 8 atandandalika mzere, inchi yathunthu yasowa, ndipo nsalu ya m'mphepete imene anadula kale ikuchita makwinya ngati malaya obwereka. Mtolo uja wakwana.

Msoko nawo uli ndi msonkho wake: kota ya inchi mbali iliyonse. Wofuna sikweya ya mainchi 2 amadula 2 1/2. Wofuna kuidula mopingasa kuti apeze zidutswa ziwiri za makona atatu amawonjezera 7/8, chifukwa nsonga zosongoka zimadya nsalu yambiri. Akatswiri amawonjeza kuti kotayo ikhale yoperewera ndi ulusi umodzi kapena uwiri, poti nsalu ikapindidwa ndi kusitidwa imabako pang'ono. Palibe rula imene inalembapo muyezo umenewu, koma woulakwitsa amagonera kuphwasula misoko.

Mu 1979 kampani ya ku Japan ya Olfa inatulutsa mpeni wozungulira umene umadula nsalu zingapo zosanjikiza nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo munthu amatha kulakwitsa zidutswa 40 madzi a tiyi asanawire.

Njira yozembera masamu ilipo. Wosoka amajambula sikweya ija papepala, n'kugoneka rula mopendekeka kuti 0 akhudze mbali ina, 15 akhudze inayo. Akaika kadontho pa 3, 6, 9 ndi 12, n'kulemba mizere yoongoka kudutsa pamadonthowo, magawo asanu ofanana atuluka popanda kutchula 2.4.

Ena anangoisiya rulayo. Amayi a ku Gee's Bend, Alabama, ankasoka zofunda ndi mathalauza akutha a kumunda, kuyeza ndi diso, mizere n'kumakhotera komwe yafuna. Mu 2002 zofunda zawo zinakapachikidwa ku Whitney Museum ku New York, anthu n'kumalipira kuti azione. Mu 2006 positi ya America inazisindikiza pa masitampa a masenti 39, onse odulidwa ndi makina, ofanana ndendende.