Kabokosi ka Buluu Kafika ku Fingoé

Wamalonda wina wochokera ku Tete anayala katundu wake pamsika wa Fingoé: timabokosi tonyezimira, kalikonse ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Ankati dzina lake ndi sitabilaiza, ndipo ukakamangirira pa batire, injini imakoka mwamphamvu, nyali zimawala kwambiri, mafuta amatha theka lokha. Dalaivala wa chapa anaima, nawerengera zala. “Kamodzi kamadula theka? Ndipatseni tiwiri, ndisiyiretu kugula dizilo.” Kondakitala wake anamukoka malaya. “Bwana, musaumire. Tengani titatu tizikagulitsa otsalawo.”

Bambo wina wa ku Malowera anamva kuti galimoto imathamanga bwino ikakhala ndi waya wa nthaka. Anagula waya wokhuthala, namanga mbali imodzi pa injini. Mbali inayo anaimanga pa chitsulo chimene anakhomera pansi pabwalo, n’kuthirira madzi kuti chigwire bwino. Analiza galimoto, naponda moto. Madzulo anzake atamupeza akutolera bampala pakhomo, anamufunsa ngati wayayo wathandiza. “Musanene! Mamita 5 oyambirirawo inayenda ngati yatsopano.”

Kuno amakaniko waya wochoka pa batire kupita ku thupi la galimoto amautcha massa, monga amanenera Apwitikizi. Mphunzitsi wina galimoto itamukanira kulira, mmisiri anasuzumira m’boneti nati, “Apa vuto ndi limodzi, palibe massa.” Aphunzitsi anathamangira kugolosale, nabwera ndi mapaketi awiri a supageti. Mmisiri analandira mwaulemu ndi manja awiri, napatsa mwana kuti akasiye kunyumba. “Mwachita bwino, aphunzitsi. Tsopano tikambe za ya galimoto.”

Tiyeni kutsogolo. Kabokosi kaja kali ndi kagalasi kosonyeza manambala a buluu. Injini ikakhala chete kamalemba 12.6, ikalira kamakwera kufika cha pa 14.2, n’kukhazikika pomwepo tsiku lonse. Dalaivala wina anakaika pamwamba penipeni kuti okwera onse azikaona. Mayi wina wokalamba anakwera ku Fingoé, nayang’ana: 14.2. Anadutsa mapiri, fumbi, mabampu, mbuzi kulira padenga, mpaka dzuwa kulowa. Potsika ku Bene anayang’ananso: 14.2. Anagwira chitenje pakamwa, nauza mdzukulu wake monong’ona, “Usadzakwerenso imeneyi. Tanyamuka 14 koloko, tafika 14 koloko. Dalaivalayu amauluka usiku.”

Mnyamata wina ankatamanda kabokosi kake pansi pa mtengo wa mango, ati kamapanga magetsi amphamvu kuposa batire. Agogo ena amene anagwirako ganyu ku Songo pomanga damu anayamba kuseka mpaka kutsokomola. “Iwe, Cahora Bassa tinamaliza mu 1974, titatseka Zambezi yense pakati pa mapiri. Makina asanu, mamegawati 2,075, mawaya kuyenda makilomita 1,400 mpaka ku Apollo kufupi ndi Pretoria. Akanadziwa Apwitikizi kuti zonsezo zimakwana m’kabokosi konga sopo wa Lifebuoy, bwenzi atativutitsiranji?” Mnyamata sanagwe ulesi. “Agogo, kusiyana kulipo. Magetsi a kabokosika amagona konkuno ku Maravia.”

Mmisiri wina woona mtima (alipo, musaseke) anayesa kumubweza kasitomala wake pa za kabokosika. Anamuonetsa alitaneta, namuuza kuti m’kati mwake muli kale kachipangizo kolonda magetsi kuti asapitirire pakati pa mavolti 13.5 ndi 14.5, ndipo a ku Japan anakaikamo galimoto isanatuluke mufakitale. “Ndiye kuti ndalemba mlonda woti azilonda mlonda?” anafunsa mwini galimoto. “Eya, ndipo watsopanoyu sagona, nyali yake imayaka usiku wonse, akudya za m’batire.” Bamboyo anati zimenezo ndi nsanje. Galimoto inakhala sabata ziwiri pakhomo poyembekeza malipiro, ndipo tsiku loti anyamuke inangoti kli-kli-kli. Anaitana anyamata a pampira kuti akankhe. Akudutsa pagalaja, anatulutsa mutu pawindo. “Mestre, mukuona? Kale inkayenda ndi injini imodzi. Lero ili ndi zisanu ndi imodzi!”

Mayi wina anaima nthawi yaitali pa benchi ya wamalonda uja. “Achimwene, mwati kamakhazikitsa chinthu chimene chikukwera n’kutsika?” “Kwambiri, mayi.” “Ngakhale chodzandira?” “Chilichonse, bola mudziwe mavolti ake. Chanucho ndi cha 12 kapena 24?” Mayi anaganiza pang’ono. “Bambo a kunyumba sindinawayezepo. Koma pofika madzulo amakhala ali pa malita awiri.”

Iyi ndiye ya sayansi. Mwini Hilux wina, munthu wosakhulupirira za m’maluwa, anati ayese yekha. Anadzaza thanki ku Fingoé, namangirira kabokosi, natsetsereka kupita kunyanja ya Cahora Bassa galimoto ili yopanda katundu, phazi lili pa buleki njira yonse. Atafika kugombe singano ya mafuta inali isanasunthe kwenikweni. Anavina pamchenga, nagulira asodzi zakumwa. Mawa lake anapakira matumba a kapenta mpaka matayala kuphwa, anakweza ndi eni matumba pamwamba pake, nayamba chikweza pa giya yoyamba. Mafuta anathera pakati pa phiri, pomwe kulibe ngakhale netiweki ya Movitel. Anatsegula boneti, nayang’ana kabokosi nthawi yaitali, kenako anadzimenya pamphumi. “Ndine chitsiru! Kakuyang’anabe kunyanja. Ndinaiwala kukatembenuza.”

Pagalaja ina anabwera bambo ndi mawaya asanu okongola, ofiira ndi agolide kumapeto, ati amuikire onse chifukwa galimoto ikuvuta kulira m’mawa. Mmisiri atafika pa batire anapeza mitu yake itachita ufa woyera, bawuti ikugwedera, waya wakale wa massa utadyeka dzimbiri pomwe umagwira thupi la galimoto. Anathira madzi otentha a soda, napala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, namanga zolimba. Galimoto inalira kamodzi n’kamodzi. Bambo analipira mosanenerera, naonjezera ya fanta, nachoka akuimba nyimbo yotamanda mawaya ake. Mwana wophunzira ntchito anasendera pafupi. “Mestre, mawaya atsopano aja sitinawalumikize mbali inayo, angolendewera.” “Khala chete iwe. Amenewo ndi a Bluetooth.”

Wina anamva kuti sitabilaiza ndi sitabilaiza basi. Anazula ya firiji kunyumba, chibokosi cholemera cha mavolti 220, nachikhazika pampando wakutsogolo, n’kuchimanga lamba. Pulagi yake, posowa poilowetsa, anaiika m’thumba la malaya. Mkazi wake anakhala kumbuyo ndi nkhuku mpaka ku Chiputo. Pobwerako anamufunsa ngati waona kusintha. “Galimoto ili chimodzimodzi, koma ineyo mtima unkagunda bwino kwabasi.”

Mu Ogasiti anthu a kwathu kuno amapita ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Chaka china gulu lina linachita hayala lole ya mabatire awiri, ya mavolti 24. Mmodzi wa okwera, pofuna kuthandiza, anatulutsa kabokosi kake kolembedwa 12V, nakalumikiza mwakachetechete atangodutsa malire pa Cassacatiza. Kanati phu! Utsi tolo, fungo la pulasitiki, amayi kulumpha ndi mitolo ya ufa. Dalaivala anabwera ndi sipanala m’manja, maso ali psu. Mwini kabokosi anakweza manja. “Pepani akulu, kulakwa n’kwanga. Kanazolowera ma metical, sindinakasinthire ma kwacha.”

Nanga ya asing’anga munaimva? Makasitomala awo oyendetsa galimoto anayamba kuchepa. Kale aliyense ankabwera kudzatenga kachithumwa komangirira pansi pa chiwongolero, lero onse akuti ali ndi ka buluu. Asing’anga anatuma mwana kukagula kamodzi kuti aone mankhwala a mnzawo. Usiku anatseka chitseko, nakatsegula ndi mpeni. M’kati anapezamo timigolo tinayi tating’ono, kababu kamodzi, ndi mpweya wambiri. Anakagwedeza, anakanunkhiza, kenako anapukusa mutu mwaulemu. “Ameneyu ndi mkulu wanga pa ntchito. Ine m’nsupa ndimachita manyazi, ndimaikamo ndi mizu.”

Wapolisi wa pamsewu anaimitsa kagalimoto kena kotopa. Dalaivala anatuluka akumwetulira mpaka m’makutu. “Ndathamangitsa eti, bwana? Lembani, lembani ndithu, ndikawaonetse anzanga amene amanyoza kabokosi kanga.” Wapolisi anakweza nsidze. “Ayi bambo, ndakuimitsani kuti mupatuke. Anjinga adandaula kuti mukuwachedwetsa.”

Mnyamata wa pikiapu wina ankadandaula kuti wailesi yake imalira ziii injini ikamathamanga, nkhani osamveka. Apa ndiye waya wa massa unagwiradi ntchito: mmisiri anaumanga pachitsulo choyera, phokoso lonse zii. Anatsegula Rádio Moçambique, mawu kumveka ngati wolengezayo wakhala pampando wa pambali. Nkhani yoyamba inali yoti mtengo wa mafuta wakwera. Mnyamata anazimitsa injini. “Mestre, ndi zingati kubwezeretsa phokoso lija?”

Nthawi ya mvula, pa njira ya ku Chipera, galimoto ya mawaya asanu ndi awiri inatitimira m’matope mpaka zitseko. Mwini wake anaponda moto, matayala kumangozungulira, kabokosi kakuonetsa 14.1 monyadira. Kunatulukira ngolo, kamnyamata kali pamwamba ndi mkwapulo. Anagwirizana mtengo, namanga chingwe, ng’ombe ziwiri zinakoka kamodzi galimoto n’kutuluka. Bambo anapukuta matope kumaso. “Mphwanga, ng’ombe zakozi umazipatsa chiyani?” “Palibe, malume. Kungoti iliyonse ili ndi mawaya a nthaka anayi, ndipo onse amafika pansi.”

Wina anagulitsa galimoto yake. Wogula anazungulira n’kuona matayala osalala, buleki yopopa katatu, chitseko chomanga ndi lekeni. Anafunsa mtengo, ndipo mwini wake anatchula, nawonjeza msanga kuti kabokosi ndiye achotsa chifukwa mphamvu yonse ya galimotoyo ili mmenemo. Wogula anavomera ndi mutu. “Chabwino, chotsani. Ndipatseni kabokosiko ndizipita, chotsalacho musunge.”

Mkamwini wina, wodziwika m’mudzi monse kuti mzere umodzi amalima mpaka dzuwa pamutu, anabwereka galimoto ya mnzake kuti akaonekere kwa apongozi. Anaimika pabwalo, natsegula boneti ngati pali chimene akukonza, kuti ka buluu kaoneke. Apongozi aakazi anaima chapatali monga mwa mwambo, nafunsa kudzera mwa mwana wawo kuti kowalako n’kachiyani. Mkamwini anakonza kolala. “Auzeni amayi kuti kamathandiza chinthu chofooka kuti chizikoka mwamphamvu kuyambira m’mawa mpaka madzulo, osatopa, osadya zambiri.” Apongozi analowa m’nyumba, natuluka ndi ndalama zomanga pa kansalu. “Mufunse ngati kamakwana pa mpini wa khasu.”