Pepani Bwana

Mwezi ukatha, lowani m'banki ina iliyonse mu Victoria Avenue ku Blantyre mukaone anthu akugwira ntchito ndi mano. Netiweki yagwa, mzere wafika pakhomo mpaka wakhotera kunja, koma mtsikana wa pa kauntala mano ali mbee kuyambira 8 koloko m'mawa. Kenako akutulukira bambo wina wa mimba yake, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala, mzere sakuuona n'komwe.

"Iwe mtsikana, ukundidziwa ine?"

"Takulandirani bwana, tikuthandizeni chiyani?"

Kuwadziwa akuwadziwa bwino, poti akaunti yawo ili pa kompyuta patsogolo pake ndipo mwatsala K3,200 yokha. Koma pakamwa pakutuluka mawu ena: "Pepani bwana, tingodikirako pang'ono."

Pepani ameneyu ndiye ntchito imene anamulembera, kuwerenga ndalamaku n'kongowonjezera. Magetsi akazima, pepani. Kasitomala akaiwala chitupa kunyumba, pepani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anapepesa tsiku lonse, ngati kuti anaigwetsa ndi iyeyo pokolopa. Mwana akatentha thupi usiku wonse, nkhawayo imatsalira m'chikwama pamodzi ndi foni, chifukwa amanijala safuna kuona nkhope ya pamaliro pa kauntala.

Mayi wina wa ku America, Arlie Hochschild, analemba buku lotchedwa The Managed Heart mu 1983 ataphunzira ntchito ya operekera alendo m'ndege za Delta. Anaona kuti kampani ikalemba munthu ntchito imagula ndi nkhope yomwe, mtimanso uzimvera malamulo a kampani. Anafufuzanso otolera ngongole, amene iwo amalipidwa kuti aziopseza. Kwathu kuno onse awiri mungawapeze m'nyumba imodzi: pansi akukumwetulirani pokupatsani ngongole, pamwamba wina akuyeserera kukwinya nkhope, kukonzekera kudzalanda firiji yanu.

Nanga mkwiyo womezedwa tsiku lonsewo umapita kuti? Umakwera minibasi. Madzulo mtsikana uja ali pa mpando wakumbuyo, ulendo wa ku Ndirande, ndipo kondakitala wachedwa kubweza chenji cha K200. Chichewa chimene chikutuluka pamenepo simungakhulupirire kuti ndi pakamwa pomwe paja. Kondakitalayo naye watha tsiku akunyengerera anthu kuti "lowani mayi, malo alipo", pamene malowo ndi bondo la munthu wina. Ameza, atsika, akakhuthulira zonse kwa wa chipisi pa chiwaya, ati mchere wachepa. Wa chipisi sangayankhe, kasitomala ndi bwana. Afika kunyumba usiku, apeza galu wagona pakhomo, amumenya theche.

Choncho mukamva galu wa ku Ndirande akuuwa pakati pa usiku popanda wakuba, musamugende. Iyeyo alibe wina womukalipira.