Msika Wopanda Denga wa ku Maple Grove

Mu 1956 anthu a ku Minnesota anachita zanzeru. Atatopa ndi chisanu, anamanga Southdale Center m'tauni ya Edina: masitolo onse pansi pa denga limodzi, m'kati mofunda bwino ngakhale kunja sinowo atafika m'mawondo. Zidzukulu zawo zitakula zinati denga ndi lachikale. Mu 2003 ku Maple Grove kunatsegulidwa Shoppes at Arbor Lakes, msika wa pamtetete, kamsewu pakati, mabenchi m'mbali, ati anthu aziyenda mwachifatse n'kumapatsana moni.

Mu Julaye zimathekadi. Koma pitaniko mu Januwale, kukazizira madigiri 20 kunsi kwa ziro. Pa benchi pamakhala sinowo yekha, phee. Mayi azungulirazungulira ndi galimoto kusaka poimika pafupi ndi khomo, chikhalirecho akukagula nsapato zothamangira. Akatuluka alowanso m'galimoto n'kupita pa sitolo yoyandikana nayo, yoti ukakhosomola kuno amene ali uko amva. Oyenda pansi enieni, agogo aja, ali ku Mall of America ku Bloomington m'mamawa, kuzungulira m'makonde ofunda osagula ndi kandodo ka machesi komwe.

Moni ulipo ndithu, kungoti ngwachilendo. Anthu oyandikana nyumba akumana atadzikutira ngati mtolo wa fodya wopita ku okushoni, maso okha mwee.

“Kwazizirako pang'ono lero, bambo.”

“Aa, izi n'zochepa, mayi. Mukadaona chaka chatha!”

Onse awiri mano ali gwedegwede, koma kuvomera kuti wazizidwa n'kudzichotsa ulemu. Pambali pawo padutsa mnyamata atavala kabudula, miyendo itafiira psuu, kumanja khofi wothira madzi oundana. Palibe womufunsa. Ine ndimaona kuti mwana ameneyu ndiye mfumu ya pamalopo.

Choopsa kuposa chisanu ndi ulemu wa pakhomo. Munthu akakuonerani patali, agwira chitseko n'kumakudikirani akumwetulira. Inu munali kuyenda mwakachetechete, phazi ndi phazi, chifukwa mchere umene amawaza pansi kuti usungunule madzi oundana sunafike mbali yanuyo. Tsopano mutani, mnzanu akuzizidwa chifukwa cha inu? Muyamba kathamangidwe ka manyazi, manja m'mwamba, ndipo musanafike n'komwe, khuu, chagada! Thumba uko, chipewa uko.

“Pepanitu bambo, mwavulala?”

“Ayi, ndili bwinobwino, zikomo kwambiri.”

Iye chitseko sanachisiye, poti kusiya n'kupanda khalidwe. Mphepo yalowa m'sitolo monse, wogulitsa naye akumwetulira uku akunjenjemera, ndipo kumbuyo kwanu kwatulukira gogo wina ndi ndodo yake, amene wachiona chitseko chotsegulacho n'kuyamba kufulumira.