Suti si gombeza

Amalawife tikamakonzekera ulendo timalongedza katundu wa kumene tikupita, za panjira n'kusiyira Mulungu ndi dalaivala. Tatsegulani chikwama cha mwamuna aliyense amene akukwera basi ya ku Joni mwezi wa June kapena July. Mupezamo malaya ositidwa mpaka kuthwa, nsapato yosongoka, mafuta onunkhira, usipa wa achibale ndi mpunga wa Kilombero wokapereka kwa abwana. Bulangeti mulibemo. Mukamufunsa akuuzani kuti iye anakulira ku Dedza, kuzizira ndi mnzake wa kalekale.

Ine sindinakulire ku Dedza, koma ndinadutsako pa minibasi, choncho ndimadziwerengera m'gulu lomwelo la akatswiri.

Ulendo wa ku Joni umayamba ndi bodza. Mukachoka ku Blantyre mumadutsa pa Mwanza ndi pa Zobue n'kutsetserekera ku Tete, kumene dzuwa silinaonepo kalendala. Pamlatho wa Zambezi thukuta lili kamukamu, ndipo mumayamba kuwamvera chisoni amene anyamula majuzi. Koma msewu ukadalipo. Kutsogolo kuli Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina, Polokwane, kumapeto kwake Johannesburg, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Ndiye kuti uli pamwamba kuposa tauni ya Dedza timaiopa ija, komanso uli kum'mwera kwenikweni. Kumeneko m'mawa wa July udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo pa 10 July 2023 kunagwa sinowo weniweni, woyamba chigwereni wa mu 2012.

Tsiku limene ine ndinkanyamuka ulendo umenewu, mayi a kunyumba anabwera ndi bulangeti lathu lija lojambulidwa kambuku.

"Bambo, tengani ili. Akuti kumeneko kukuzizira."

"Mayi, ine ndikupita ku Joni, sindikupita kumaliro."

"Nanga juzi?"

"Ili m'chikwama chachikulu."

Sindinaname. Juziyo inali pansi penipeni pa chikwama, chikwamacho pansi pa matumba a mtedza, matumbawo m'ngolo imene basi imakoka kumbuyo, ngoloyo ili ndi loko, kiyi wake ali ndi kondakitala amene ndinali nditakangana naye kale pa nkhani ya chenji. Ine pampando ndinakhala ndi suti yanga ya ukwati ndi tayi, kuti a pachipata akandiona aziganiza kuti ndikupita kumsonkhano wa akuluakulu.

Basi yathu, imene kampani yake sinditchula poti ndidzaikweranso, inatsokomola titapitirira Musina pakati pa usiku, n'kuzima. Dalaivala anatsika ndi tochi ya pafoni, anayang'ana injini, anaipukusira mutu, n'kutiuza kuti makaniko akubwera posachedwapa. Aliyense amene anayendapo amadziwa kuti makaniko woteroyo amafika dzuwa litatuluka. Ndipo injini ikazima, kutentha kwa m'basi kumatsika pa siteji yomweyo osatsanzika.

Suti anaisokera maso a anthu, osati thupi la mwini wake. Mphepo inalowera pakhosi, inatulukira m'akakolo, n'kubwereranso kudzaona ngati yaiwala kanthu. Pafupi nane panali mayi wina wachikulire wa geni ya zovala, amene msewuwu anauloweza pamtima. Iwo sanadandaule n'komwe. Anatulutsa gombeza, chipewa chaubweya, masokosi ndi fulasiki, n'kuyamba kumwa tiyi ndi mbatata yophika.

"Bambo, mukunjenjemeratu."

"Iyayi amayi, ndikuimba nyimbo chamumtima."

"Ndiye manowo ndi amene akukuimbirani ng'oma?"

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye tiyi ndinalandira ndi manja awiri. Pofufuza mpango m'kachikwama ka m'manja, ndinapeza chitenje cha amayi a kumpingo chimene mayi a kunyumba anabisamo osandiuza. Anthu amene anali m'basi imeneyo akamakuuzani kuti anaona mwamuna wa tayi atafunda chitenje mpaka kumutu, masokosi atavala kumanja, nyuzipepala atazilowetsa m'malaya, dziwani kuti kunali mdima ndipo palibe amene ali ndi umboni. Komabe nyuzipepala m'malaya zimathandiza, chifukwa zimasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu. Ndinangomva kwa munthu wina.

Kuyambira pamenepo ndinadzisankha ndekha kukhala mlangizi wa apaulendo. Malangizo anga ndi aulere, chifukwa palibe amene anavomerapo kuwagula.

Choyamba, zofunda ziyende nanu pampando, osati m'ngolo: bulangeti, juzi, chipewa, magolovesi ndi masokosi ouma apadera. Zovala zopepuka zingapo zovalidwa mosanjikiza zimafunda bwino, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha. Chovala chonyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta la ku Tete lija, chivuleni, chifukwa chimaba kutentha kwa thupi mwachangu. Agogo athu amene anapita kumigodi nthawi ya Wenela ankabwerako ndi majasi olemera ndi magombeza, ife n'kumati akudzionetsera pamudzi. Anthu aja ankadziwa chimene anachiona.

Chachiwiri ndi kamba. Thupi limapanga kutentha kuchokera ku chakudya, ndiye munthu wanjala amazizidwa kawiri. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mabisiketi, chigumu: zinthu zosawonongeka msanga komanso zosafuna moto. Nkhuku yokazinga timanyamula ija siwerengedwa, chifukwa mwambo wake ndi wakuti ithe tisanafike pa Mwanza. Madzi akumwa nyamulani okwanira, poti kukazizira ludzu limabisala pomwe thupi likuwafunabe. Fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri ikupezerani achibale m'basi amene ngakhale agogo anu sanawamvepo.

Chachitatu ndi kuwala ndi foni. Batire la foni limatha msanga kukazizira, ndipo ife timalithandiza kutha poonera mavidiyo a pa TikTok tikadali pa Zobue. Khalani ndi tochi yeniyeni ya mabatire, power bank yodzaza ndi chingwe chake, komanso nambala za abale zolembedwa papepala, poti masiku ano mutu wa munthu susunga ngakhale nambala ya mkazi wake. Ku South Africa pakachitika ngozi mutha kuimba 112 pa foni ya m'manja kwaulere. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, awaike m'thumba la pafupi pamodzi ndi owonjezera, chifukwa msewu ukatsekeka matenda satsekeka nawo.

Tsopano kwa eni magalimoto. Ine galimoto ndilibe, ndipo njinga yanga mabuleki ake ndi chidendene, koma zimenezo sizinandiletsepo kulangiza alamu anga amene amayendayenda pakati pa Johannesburg ndi Durban pamsewu wa N3. Msewu umenewu umadutsa mapiri a Drakensberg pa Van Reenen's Pass, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith. Mu September 2024, anthu atayamba kale kusunga majuzi poganiza kuti nyengo yozizira yatha, kunagwa sinowo wochuluka amene anatseka msewuwo. Magalimoto, mathiraki ndi mabasi zinagona pamsewu, anthu ena opanda chofunda kapena chakudya, ndipo mayi wina amene anali m'minibasi anamwalira chifukwa cha kuzizira. Pamenepo palibe choseketsa, n'chifukwa chake ndinawauza alamu kuti atsegule buti ndione.

Munali sipika yaikulu, tayala lopanda mpweya ndi ambulera yothyoka.

"Alamu, msewu utatsekeka mudzafunda sipikayi?"

"Alamu, inu za galimoto mumazidziwira kuti? Laisensi muli nayo?"

"Yolankhulira sifunika."

Ndinawawerengerabe. Mafuta asatsike kupitirira theka la thanki, chifukwa pamzere wa magalimoto osasuntha injini ndiyo imakufunditsani. Mu radiator mukhale antifreeze, osati madzi a pampopi okha, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kung'amba mapaipi. Pakhale zingwe zojampira, poti batire lokalamba limakonda kufa m'mawa wozizira. Pakhalenso fosholo yaing'ono, chingwe chokokera, ma triangle owala aja, kabokosi ka mabandeji ndi mankhwala a ululu, ndi mabulangeti owerengera mutu uliwonse umene wakwera. Asananyamuke amvetsere zanyengo. Akati msewu watsekedwa ndiye kuti watsekedwa ndithu, ngakhale kwa munthu amene ali ndi sipika yaikulu.

Mukatsekeredwa, khalani m'galimoto momwemo. Imatchinga mphepo, ndipo opulumutsa amaiona msanga kuposa munthu woyenda pansi wofunafuna mudzi woti akapale moto. Injini muziiliza mphindi pafupifupi 10 pa ola lililonse kuti mumveko kutentha, windo mutatsegula pang'ono, mutaonetsetsa kuti paipi ya utsi sinatsekeke ndi sinowo. Ikatsekeka utsi umabwerera mkati, ndipo m'menemo muli mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, umangokugonetsani tulo tosadzuka nato. Mpweya womwewo umatulukanso m'makala oyaka. Ndikudziwa kuti pali wina amene akuwerenga pano n'kumaganiza zonyamula kambaula ndi timakala pang'ono. Nzeru imeneyo inandichezerapo inenso, ndiye ndikudziwa kukoma kwake. Mbaula m'galimoto kapena m'chipinda chotseka ndi maliro.

Atsala mankhwala amodzi amene amunafe timawakhulupirira kwambiri: kabotolo ka m'thumba la jekete. Ku bawo amati kachasu ndi bulangeti la mkati. Zoona zake n'zakuti mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. Iwe umamva kutentha pomwe kutenthako kukuthawa. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa 35 zinthu zafika poipa. Mukaona mnzanu akulankhula mokoka lilime, akusokonezeka, akuodzera, kapena wasiya kunjenjemera kunja kukuzizirabe, musamuseke kuti waledzera. Mumuvule zonyowa, mumufunditse, mum'patse chakumwa chofunda ngati akutha kumeza, ndipo itanani thandizo. Ana ndi okalamba ndi amene amayamba kugonja, ndiye bulangeti loyamba ndi lawo, ngakhale mwini wake atavala tayi.

Musati zimenezi ndi za a ku Joni okha. Chiperoni chikagwira ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena minibasi ikafera m'nkhungu ya ku Chikangawa usiku wa July, sinowo simumuona, koma mano anu sadzafunsa kuti muli dziko liti.

Masiku ano ndikamakwera basi, kondakitala amafuna kundilipiritsa mipando iwiri, wina wanga wina wa chikwama. Achinyamata amandiseka kuyambira pa depoti ya Wenela mpaka ku Tete, akuti madala akusamuka. Ine ndimangoti phee, fulasiki pakati pa miyendo, bulangeti la kambuku pamiyendo, thukuta likutsika mwaulemu. Tikadutsa Harare kuseka kumachepa. Tikafika pa Beitbridge ndimakhala "amalume", ndipo tikayandikira Polokwane pansi pa kambuku uja pamakhala anthu atatu amene sindinawaitane. Mayi a kunyumba sakudziwa kuti bulangeti lawo linatchuka chonchi, ndipo ndikupempha amene mumawadziwa kuti nyuzipepala ino musawaonetse. Pakhomo pamafunika mtendere.

Ndiye inu amene mwagula kale tikiti ya nyengo yozizira, pakadafunda padajiwitsa galu. Longedzani lero, musadikire m'mawa wa ulendo. Suti ipite m'ngolo, bulangeti, kamba, madzi, tochi ndi mankhwala zikhale pamene dzanja lanu lingafike mumdima. Ku Park Station ya ku Joni sapereka mphoto kwa amene watsika atatchena. Achibale anu amangofuna kumva kuti mwafika bwino, ndiponso kuti usipa wawo simunaiwale.