Musamumange mwana wa mawaya

Ukatswiri wanga pa zamagetsi ndi wodziwika kuyambira pa Migowi mpaka ku Chiringa, ndipo uli ndi nthambi zitatu: kuyanika mabatire padzuwa, kuwaluma pang'ono akafookeratu, ndi kuiwomba khofi wailesi ikayamba kusasa mawu. A sukulu imeneyi tilipo ambiri, ndipo sitichita manyazi, chifukwa nthawi zina khofilo limagwiradi ntchito ngakhale palibe mwa ife angafotokoze kuti zatheka bwanji. Ndi digiri yomweyi ndaima pano kuti nditeteze munthu wondiposa nzeru: mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 2 amene wapeza kapaketi ka zipangizo zopangira kawailesi koulutsira mawu pa FM, n'kukhala pakhonde ndi chitsulo chamoto kumalumikiza timawaya mpaka nsima kupola. Mlandu wanga ndi umodzi basi. Mwana wotereyu dziko limupatse kachiphaso kotsika mtengo ndi mphunzitsi, galimoto ya apolisi ikagwire akuba mbuzi.

Tiyambe taona chimene chili m'kapaketimo, poti ambiri amene timachiopa sitinachitsegulepo. Muli kabolodi kamodzi, matiranzisita awiri kapena atatu, timakapasita, timarezisita tamizere yamitundumitundu, kamaikolofoni, kawaya kamkuwa kopiringizidwa kangapo kamene amisiri amati koyilo, ndi polumikizira batire ya mavoti 9. Koyilo ndi kapasita zikakhala pamodzi zimachititsa magetsi kugwedezeka uku ndi uku pafupifupi ka 100 miliyoni pa sekondi imodzi, ndiye ma 100 MHz aja timawaona pagalasi la wailesi osafunsa kuti n'chiyani. Munthu akalankhula pa maikolofoni, mawu ake amafulumizitsa kapena kuchedwetsa pang'ono kugwedezekako, ndipo wailesi ya mnansi imamva kusinthasinthako n'kubweza mawu. Njira imeneyi mwini wake ndi Edwin Armstrong wa ku America, amene anailembetsa m'dzina lake mu 1933. Funde limodzi la 100 MHz limatalika mamita atatu, motero eriyo yabwino ndi waya wa masentimita 75, gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo. Ndafotokoza zonsezi ndi chifuwa chotukumuka, koma chitsulo chamotocho musandipatse, chala changa ndi mphasa ya amayi a kunyumba zidakali ndi ntchito. Chofunika kudziwa n'chakuti kawailesi ka m'paketi kamamveka mamita makumi angapo, kakachita mwayi mazana ochepa, ndipo n'kamanyazi kwambiri: ukangoyandikitsa dzanja pa koyilo, kasuntha pamalo pake.

Sitikunena nthano ya kalulu. Kuseri kwa phiri kuno, m'mudzi mwa Soza ku Mulanje, Gabriel Kondesi anapanga nyumba yake youlutsira mawu yotchedwa Pachikweza. Iyeyu analibe ngakhale kapaketi. Anasonkhanitsa kaseti yakale, foni ya Nokia, matiranzisita ndi makapasita, ali mnyamata amene sukulu anailekezera Sitandade 7, ndipo nyuzi za nthawiyo zinkati mawu ake ankafika makilomita 25. Mu Okutobala 2009, ali ndi zaka 21, apolisi anamugwira chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso, ndipo bwalo linamulamula kulipira K50,000 kapena kukakhala m'ndende miyezi khumi. Ndalamayo inapezeka, achibale ndi akufuna kwabwino atathyola mabanki awo a pansi pa matiresi, ndipo sukulu za Kaphuka zinamupatsa malo oti apitirize maphunziro. Tsono onani ndondomeko yake: dziko linamudziwa mnyamatayu litamumanga, linamuyamikira litamulipiritsa, linamutumiza kusukulu litamuchititsa manyazi. Chaka chomwecho buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, lonena za makina ake opanga magetsi ndi mphepo, linali kugulidwa kunja konse, ife tikuwomba m'manja kuti mwana wa ku Malawi watichotsa chitonzo. Anyamata onse awiri anatola zotayidwa, onse awiri anadziphunzitsa okha. Kusiyana kwake n'kwakuti mphepo ilibe ofesi yoiyang'anira.

Apa akuluakulu a bungwe la MACRA, loyang'anira za mawailesi, akhoza kukhosomola, ndipo ali ndi mfundo imene sindingaikane. Bungweli ndi mnzathu wobadwa naye chaka chimodzi: lamulo lolikhazikitsa linadza mu 1998, chaka chimene Phalombe yathu ino inadulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha, choncho tilankhulane mwaulemu. Iwo anena kuti mlengalenga si wopanda malire. Mawailesi onse a FM amapanikizana pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo malowa ali ngati dimba la mpunga la kufupi ndi nyanja ya Chilwa: aliyense ali ndi ndime yake, wina akalima mopyola malire mawa pamakhala mlandu kwa amfumu. Kungodutsa 108 MHz kukwera m'mwamba ndi ndime ya ndege, kumene kuli zida zowongolera ndege pofika pabwalo komanso kumene oyendetsa ndege amalankhulana ndi anzawo apansi. Chipangizo chopangidwa mosasamala sichikhala pandime yake yokha, chimataya zinyalala m'ndime za ena, ndipo palibe amene akufuna kuti woyendetsa ndege yopita ku Chileka alandire uthenga wa mbuzi yosowa ya kwa Nazombe. Zonsezi n'zoona, ndipo wokulitsa mphamvu ya chipangizo chake mpaka kuphimba wailesi za eni ziphaso ayenera kuyankha. Koma taonani mankhwala a vutoli. Zinyalala zija zimachotsedwa ndi kasefa ka makoyilo ndi makapasita ochepa, kuyendayenda kuja kumatha ndi kachipangizo kogwira fundelo pamalo amodzi, ndipo mphamvu imachepetsedwa ndi munthu wodziwa kuiyeza. Zitatu zonsezi zimaphunzitsidwa m'kalasi. Kuchitokosi palibe ngakhale chimodzi pa silabasi.

Ndiponso tisamachite ngati tiwailesi totere sitinationepo. Kwerani minibasi iliyonse yochoka ku Limbe kudzera ku Chiradzulu, muyang'ane pabowo loyatsira fodya pafupi ndi bondo la adalaivala. Kachinthu kaja amalowetsapo fulashi ya nyimbo, kamene amati modyuleta, ndi kawailesi koulutsira mawu pa FM kenikeni. Kamatenga nyimbo n'kuiponya mumlengalenga, wailesi ya galimoto n'kuiwakha. Tonsefe takhala tikuyenda m'nyumba zoulutsira mawu zamatayala anayi, titapanikizana anayianayi pampando, thumba la nandolo lili pamiyendo, ndipo ndege sizinagwe. Maiko ena anaona kalekale kuti kanthu kakang'ono kakufunika lamulo laling'ono. Ku America malamulo a bungwe la FCC amalola munthu kuulutsa pa FM popanda chiphaso malinga mphamvu yake ndi yongofika mamita pafupifupi 60. Ku New Zealand anapatula timalo kumapeto kwa ndime ya FM kumene aliyense angaulutse ndi mphamvu yosapitirira wati imodzi, bola atsatire malamulo olembedwa. Kwathu kuno chiphaso cha wailesi ya m'dera chilipo, n'chimene wailesi monga Dzimwe ya ku Monkey Bay zimagwirira ntchito, koma chimafuna komiti, malamulo a bungwe, mapepala ndi ndalama. Mwana wa Fomu 2 komiti yake ndi mng'ono wake wogwirizira tochi.

Chitsutso chachiwiri chimachokera kwa ife eni mudzi, ndipo n'chimene chimandiseketsa. Akuti mukapatsa ana wailesi adzaulutsa miseche, kutukwana ndi mabodza. Ena ophunzira amafika potchula Rwanda, kumene wailesi ya RTLM inasonkhezera kuphana mu 1994. Nkhani imeneyo si yoseketsa, koma wailesi ija inali ya anthu andalama ndi amphamvu m'boma la nthawiyo, sinali ya mwana wa batire ya mavoti 9. Tikabwera ku miseche wamba, abale anga, tisanamizire matiranzisita. Nkhani ya banja limene lasokonekera ku Nkhulambe m'mawa imafika pa boma nkhuku zisanalowe m'khola, popanda eriyo, ndipo ena mwa ife amene tikudandaula ndife ma siteshoni akuluakulu a m'deralo, oulutsa maola 24, opanda chiphaso, opanda nthawi yopuma. Masiku ano tawonjezera WhatsApp ndi Facebook, kumene bodza limawoloka nyanja mwini wake atabisa dzina. Kawailesi ka m'mudzi n'kaulemu kuposa zonsezi, chifukwa aliyense amadziwa nyumba imene eriyo yaimikidwa, amadziwa amalume ake a woulutsayo, ndipo akatukwana munthu madzulo, m'mawa mlandu uli pansi pa mtengo wa mango.

Achinyamata a mafoni osisita nawo ali ndi lawo: wailesi ndi ya agogo, bwanji mwanayo asaphunzire kompyuta? Aphunzire ndithu, ndani wamuletsa. Koma ife a kuno tili ndi chifukwa chosaseka wailesi. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yake n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweranso, Nkhulambe inakwiririka ndi matope, milatho inapita, magetsi anazima m'madera ambiri. Masiku otero foni imafuna nsanja yamoyo, magetsi otchajira ndi bandulo, pamene wailesi imangofuna mabatire awiri, ngakhale olumidwa aja. Komanso funde la FM limayenda molunjika, silikonda kukwera mapiri, ndipo ife tinakhala kuseri kwa phiri la Mulanje limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002. Pali makwalala ena kumene munthu amayenda ndi wailesi bwalo lonse atainyamula m'mwamba kufunafuna pomwe ingalankhule. Sindikunena kuti kapaketi ka mamita 100 kakanapulumutsa mudzi, ayi. Ndikunena kuti boma limene lili ndi anyamata ndi atsikana makumi angapo odziwa kuimika eriyo, kuyeza mphamvu ndi kukonza chipangizo chofa, lili pabwino tsiku limene msewu wa ku Chitakale waduka ndipo mmisiri wa ku Blantyre sangafike. Anthu otero sagwa kumwamba ndi mvula, amayambira pa kabolodi kaja.

Latsala dandaulo la anzanga a pa bawo, akuti kulumikiza zinthu zogula m'paketi si nzeru, nzeru ndi ya amene anazipanga ku China. Amene akunena izi ndi anthu oti babu likafa amadikira mwana abwere kusukulu, ndipo ine ndili pakati pawo, choncho ndiyankha motsitsa mawu. Kapaketi kaja kawirikawiri sikalankhula tsiku loyamba. Tiranzisita yalowa chagada, mtovu wagwira miyendo iwiri imene simayenera kukhudzana, koyilo yatambasuka kwambiri. Mwana amene wakhala masiku akufufuza chimene chalakwika, n'kuchipeza, waphunzira fizikisi imene bolodi ndi choko zalephera kumulowetsa m'mutu zaka zitatu. Chimene ndikupempha n'chochepa, chosafuna ngakhale msonkhano wa ku nyanja wokhala ndi ma alawansi. MACRA ipatule kamalo kamodzi pa FM ka mphamvu yochepetsetsa, ilembe malamulo ake patsamba limodzi m'Chichewa, ilole sukulu za sekondale ndi za ntchito zamanja kulembetsa timagulu ta ana a mawaya pansi pa mphunzitsi wa sayansi, ndipo woyendera wawo azibwera ndi mita yoyezera m'malo mwa unyolo. Ana aziulutsa mtengo wa nandolo pa Migowi kuti mavenda a sikelo zodwala achite manyazi, tsiku la sikelo ya ana, ndi zigoli za timu ya m'mudzi imene wailesi zikuluzikulu sizidzaitchula mpaka Yesu adzabwere. Ngati pangafunike munthu wamkulu woyang'anira mabatire a siteshoniyo, kalata yanga yofunsira ntchito ndalemba kale, ndipo mano ndikadali nawo okwanira.