Ulemu upite kwa chitsulo cha pa matola

Anthu a ndalama ku Ulaya ndi ku Japan ali pa mkangano umene ife a kuno kuchigwa tidauthetsa kalekale. Amagula tigalimoto taliwiro topanda denga, monga Mazda MX-5 imene idatuluka mu 1989, kenako n'kumadandaula kuti bodi ikugwedera. Sakunama ayi: denga ndilo limagwira mbali ziwiri za galimoto kuti zisapotoke, ndiye likachoka mphamvu imachepa. Choncho amakagula chitsulo chonyezimira chotchedwa strut brace, n'kuchipingasa pamwamba pa injini kuti chigwire mitu ya masipuling'i a kumanja ndi a kumanzere. Akachimanga, mkangano buu! Uyu akuti galimoto yayamba kukhota bwino, uyo akuti wangotaya ndalama chifukwa palibe chimene akumva.

Palibe chimene akumva? Adzakwere matola pa Golomoti tsiku la msika.

Galimoto yopanda denga nafenso tili nayo, kungoti yathu sitenga anthu awiri okha. Ndi kapikapu kotopa kaja, konyamula anthu, mbuzi, madengu a usipa ndi njinga ya munthu amene watsalira kumbuyo. Chitsulo chakenso tili nacho: paipi yakale imene wowotcherera wa pa Mtakataka adaipingasa pakati pa bodi, mbali zake zitayamba kuyasamula ndi matumba a mpunga wa ku Bwanje. Chathuchi sichifuna mkangano. Chimamveka pamsongolo, ndipo mawa lake umboni umaoneka.

Luso lenileni lili pa msinkhu umene amachiika. Sindikhulupirira kuti zimangochitika. Chikadatsika pang'ono, mayi wovala chitenje akadachilumpha bwinobwino. Chikadakwera pang'ono, mwana akadadutsa pansi. Koma wowotchererayo, dalitso likhale naye, amachiika pamene sungalumphe, sungakwawe, sungatsamire. Kukhalapo n'kosatheka, komabe ndi mpando, ndipo mtengo wake ndi womwewo. "Malo alipo, achimwene, khalani pachitsulopo!" akutero kondakitala, iye ali lendee kunja, phazi limodzi m'malere. Mu Okutobala, dzuwa la kunyanja likachiwotcha kuyambira m'mawa, wokhalapo safunsanso ngati chitsulo chimasintha ulendo.

Ulemerero wake wonse umaoneka pa Khwekhwerere, potsika kuchokera kwa Masasa ndi mbatata ya kachewere, kabichi ndi matimati. Msewu ukayamba kupindapinda, chigwa chikuoneka pansi uko, fungo la mabuleki likukwera, nkhani zonse zimaduka. "Gwirani chitsulo, agogo!" Ndipo onse amagwira: katekisiti, shehe, mayi wa Mvano, ndi mkulu uja aliyense akudziwa kuti ndi wa kudambwe. Manja pamwamba pa manja, aliyense akupemphera mwakwake. Ansembe adafika pa Mua mu 1902, ndipo kuyambira 1976 a ku Kungoni, malo a chikhalidwe a pomwepo, akhala akuyesetsa kuti Achewa, Angoni ndi Ayao amvetsetsane miyambo yawo. Ntchito yabwino zedi. Koma paipi yadzimbiri imaimaliza pa makhona atatu okha.

Tsono kodi chimalimbitsadi galimoto? Chimalimbitsa mtima wa mwini galimoto. Akaona kuti bodi yasiya kuyasamula, amati ndiye kuti malo a matumba ena alipo. Matumba akachuluka, kumbuyo kumakhala pansi, ndiye amaonjezera tsamba lina la sipuling'i. Sipuling'i ikauma, nkhonya zonse za msewu zimapita ku chasisi, ndipo chasisi imang'aluka kuseri kwa mutu. Mng'alu sufa, umangosamuka. Mwini galimoto abwereranso kwa wowotcherera, amene wakhala pa benchi kudikira kuti magetsi ayake, chonsecho pa Golomoti pomwepa pali munda wa masola wa mamegawati 20 umene wakhala ukunyezimira kuyambira 2022. Zaka zikamapita, galimoto ija imakhala kuti ya ku Japan yatsala ndi chiwongolero basi, kwinako ndi ntchito ya manja a kwathu kuno.

Ndisabise, apa pokha kuseka kumandithera. Bodi siyasamula ndi katundu yekha. Pali malo ena pa M5 pamene dalaivala sasankha pakati pa msewu ndi dzenje, amasankha pakati pa dzenje ndi linzake. Mvula ikagwa, m'mbali mwa phula mumadyeka mpaka minibasi ziwiri zimapatsana moni wa magalasi. Akuluakulu ena amadutsa pomwepa, mawindo otseka, galimoto zawo zikumeza maenje osatafuna. Amatsika chisankho chikayandikira, n'kuloza dzenje ndi chala ngati aliona koyamba. Akapita, amatsala anyamata a mafosholo, kuthira dothi n'kumatambasula dzanja kwa madalaivala. Dothilo mvula yoyamba imalitenga. Bola wowotcherera wathu, chigamba chake chimatha chaka.

Nawo abwana a pamsewu amachilemekeza chitsulochi. Akatiimitsa, amazungulira galimoto mwaulemu, kuchigwedeza ndi dzanja limodzi, n'kugwedezanso mutu kuti chalimba. Anthu amene takhala pamwamba pa matumba, miyendo ili kunja, sationa. Kenako amaitanira dalaivala kuseri kuti akakambirane za ludzu.

Vuto n'lakuti chikhulupiriro cha chitsulochi chafalikira m'mudzi. Aneba anga, amene sinditchula dzina chifukwa timabwerekana mpope wa njinga, adawotchereretsa zitsulo ziwiri pa kaliyala kuti azinyamula matumba atatu a makala. Njingayo tsopano imalemera yokha isanasenze kanthu, ndipo pokwera kamtunda ka ku Mua amaikankha thukuta lili kamukamu, koma akuyenda monyada. Ataona kuti zatheka, adapingasa china pa ngolo, china pa bedi, china pachitseko cha khola moti mbuzi zimalowa chogwada. Sabata yatha adaima pakhomo panga nthawi yaitali akuyang'ana mpando wanga wa ndalema. "Achimwene, mpando uwu ukugwedera," adatero. Mayi a kunyumba kwawo ndamva kuti mtondo ndi miphika adakazisungitsa kwa alamu awo ku Mtakataka.